Fumbi loyera kuseri kwa mpanda ku Kaliyeka

Inu amene mukulongedza katundu pamsika wa Kaliyeka, inu amene muli m'minibasi yopita ku Chilinde kapena ku Area 23, makamaka inu amisiri owotcherera amene mwangozimitsa makina anu, khalani nane pang'ono. Nkhani ya lero ikukhudza chipangizo chimene ambiri a inu mumachigwira tsiku ndi tsiku, galayinda ya patebulo ija yokhala ndi magudumu awiri, lina uku lina uku, imene timanolera makasu, zikwanje, nkhwangwa ndi mipeni.

Loweruka lina ndikuchokera kogula ndiwo, ndinamva galayinda ikulira kuseri kwa nyumba ya mnansi wanga. Kwathu ku Kaliyeka phokoso limeneli si lachilendo, ndipo ndikanangodutsa. Chinandiimitsa ndi chimene chinkatuluka pamwamba pa mpanda. Munthu akamanola chitsulo, pamathetheka timoto. Apa panalibe moto. Pankafuka fumbi loyera kuti mbee, ngati ufa woyera. Nditasuzumira ndinapeza mwana wa mnansi wangayo, mnyamata amene anamaliza Fomu 4 zaka zingapo zapitazo, atakanikiza kamwala pa gudumu. Nsidze zayera, tsitsi layera, ngati wogwira ntchito kuchigayo. Pambali pake kamng'ono kake kali chinjutire, kakuonerera. Pachingwe pali zovala zoyanika za banja lonse.

Ndinati, "Aphwanga, n'chiyani chimenechi?"

Iye anati, "Ankolo, ndi rose quartz wa ku Mzimba. Ndaona pa foni anthu akusema miyala yotere n'kupanga ndolo ndi mphete. Ndati nanenso ndiyese."

Ndinamupempha kuti azimitse kaye makinawo. Ntchitoyo sindinamuletse, ndipo lero sindinabwere pano kudzaletsa wina aliyense. Maganizo a mnyamatayu ndi abwino kwambiri. Dziko lathu lili ndi miyala. Ku Mzimba kuli aquamarine ndi rose quartz. Paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pali ruby ndi sapphire, ndipo miyala imeneyi inadziwika kuyambira m'chaka cha 1958. Ku Ngabu m'boma la Chikwawa kuli agate wobiriwira ngati thambo. Kumapiri a Zomba ndi Malosa kumatuluka miyala imene osonkhanitsa miyala a kunja amaisirira. Koma kwa zaka zambiri miyala yathu yakhala ikuchoka muno ili ndi dothi lake, wokumba atapatsidwa ndalama yongogulira sopo ndi mchere. Ikafika ku Jaipur m'dziko la India kapena ku Bangkok m'dziko la Thailand, amisiri a kumeneko amaidula, kuisalaza ndi kuiwalitsa, ndipo ndalama yeniyeni imatsala m'manja mwawo. Mu Okutobala 2025 boma lathu linalamula kuti miyala isamatuluke m'dziko muno isanakonzedwe. Nanga aikonza ndani? Ndi anyamata ndi atsikana ngati ameneyu. Makina enieni osemera miyala amachokera kunja, ndi odula, ndipo ndalama zakunja mukudziwa nokha mmene zikusowera. Choncho munthu amayang'ana chimene chili pafupi, ndipo chimene chili pafupi ndi galayinda ya bambo ake.

Vuto ndi lakuti galayinda imeneyi anaipangira chitsulo. Imathamanga kwambiri, ndipo imagwira ntchito youma. Mwala umafuna zosiyana ndi zimenezi: kuyenda modekha, ndi madzi osalekeza.

Ndiyambe ndi fumbi, chifukwa ndi limene linandiimitsa, ndiponso ndi limene limapha mwakachetechete. Rose quartz, amethyst, agate, yonseyi ndi miyala ya mtundu umodzi, ndipo thupi lake lonse ndi chinthu chotchedwa silica. Mukaupera mwala wotere pouma, fumbi limene mumaliona ndi maso si loopsa kwambiri, chifukwa mphuno imaligwira, mumamina n'kutha. Loopsa ndi lija losaoneka. Timiyala take ndi tating'ono kwambiri moti timatsika mpaka pansi penipeni pa mapapo, pamene mpweya umalowera m'magazi. Tikafika pamenepo sitisungunuka, sitituluka. Thupi limalimbana nato mpaka mapapo amachita zipsera n'kuuma. Madokotala amawatcha matendawa silicosis. Alibe mankhwala ochiza, ndipo amapitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchitoyo kalekale. Kuwonjezera apo, mapapo oterewa amagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu cha TB.

Amalawife matenda amenewa timawadziwa, kungoti dzina lake ambiri sitinalimve. Malume anga anapita ku Joni pa Theba. Anabwerako ndi njinga, wailesi ndi sutikesi yodzaza zovala, mudzi wonse unasonkhana. Patapita zaka, munthu wamphamvu uja sankathanso kukwera kamtunda kochokera kudimba osapumira kawiri. Usiku ankagona chokhala, atatsamira khoma, kufunafuna mpweya. Ife tinkati ndi ukalamba, ena ankati alodzedwa. Linali fumbi la m'migodi ya golide, kumene golideyo amakhala m'mwala wa quartz. M'chaka cha 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano woti makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide apereke marandi 5 biliyoni kwa anthu amene anadwala silicosis ndi TB atagwira ntchito m'migodi yawo kuyambira 1965, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo, kuphatikizapo kwa ochokera kuno ku Malawi. Ambiri anamwalira chipukutamisozicho asanachione. Fumbi limene linali pa nsidze za mnyamata wa ku Kaliyeka uja ndi lomwelo limene linamaliza malume anga. Kusiyana kwake n'kwakuti iye analibe kampani yoti adzaisumire, ndipo ankapumira limodzi ndi mng'ono wake.

Wina anena kuti kumigodi kunali kwa zaka zambiri, pansi pa nthaka, pamene uyu akungosema timiyala pabwalo. Mverani za tauni ya Khambhat ku Gujarat m'dziko la India. Anthu a kumeneko akhala akusema mikanda ya agate kwa zaka mazanamazana, agate wofanana ndi wathu wa ku Ngabu. Atayamba kugwiritsa ntchito magudumu oyendera mota n'kumapera pouma m'makomo mwawo, silicosis inalowa m'mabanja. Inatenga operawo, ena akadali anyamata, ndipo inagwiranso akazi ndi ana amene sanakhudzeko gudumu, ongokhala panyumba pomwepo. Sikunali kumgodi kumeneko. Kunali pakhonde, ngati pathu pano.

Mankhwala a fumbi ndi madzi. Gudumu likamanyowa nthawi yonse, fumbi limasanduka matope n'kugwa pansi. Madzi omwewo amaziziritsa mwala, chifukwa mwala ukatentha umang'aluka, ndipo kamwala kamene mwakavutikira tsiku lonse kamatha kusweka m'manja mwanu. Koma apa ndi pamene ambiri amalakwitsa kachiwiri. Amatenga botolo n'kumathira madzi pa galayinda ili chomwecho. Abale anga, gudumu la galayinda limakhala pamphuno penipeni pa mota. Mota imeneyo sanaitseke kuti ikane madzi. Madzi amatsata shafuti, kulowa m'mabeyaring'i, kufika pa mawaya, ndipo magetsi a ESCOM ndi mavoti 230. Munthu wa manja onyowa, ataponda pansi ponyowa, akagwidwa ndi magetsi otere nthawi zambiri salankhulanso.

Ndiye tichite bwanji? Langizo langa ndi ili, ndipo ndi limene ndinamupatsa mnyamata uja: galayindayo isakhalenso chonolera, ikhale mota chabe. Chotsani magudumu onse awiri. Mbali imodzi mangani pule yaing'ono, mbali inayo muivindikire kuti isakole chovala. Kenako pitani kwa wowotcherera, ndipo ku Kaliyeka, ku Mchesi ndi ku Kawale sasowa, akuwotcherereni chimango cholimba chachitsulo. Pachimangopo aike shafuti ina yapayokha, yogona pa mabeyaring'i awiri, yokhala ndi pule yaikulu. Mabeyaring'i, mapule ndi malamba mukazipeza kwa ogulitsa zipangizo za galimoto ku Biwi kapena m'mashopu a hadiweya m'tauni. Gudumu loperera mwala likhale pa shafuti yatsopanoyo, mota ikhale kumbuyo, pokwererapo, ndipo pakati pa ziwirizi muimike lata kapena thabwa, longosiya kampata kodutsa lamba. Lambayo nayenso mumutchinge. Mukatero madzi ali kwawo, magetsi ali kwawo.

Lamba yemweyo akuthetserani vuto lina, la liwiro. Werengani kachitsulo kolembedwa kamene kali pamimba pa galayinda yanu. Zambiri zimalembedwa kuti zimazungulira maulendo pafupifupi 2,850 pa mphindi imodzi. Pa liwiro limenelo, m'mphepete mwa gudumu la masentimita 15 mumathamanga pafupifupi makilomita 80 pa ola, ndipo la masentimita 20 limapitirira makilomita 100 pa ola. Gudumu likasweka, zidutswa zake zimakumenyani ndi liwiro la galimoto ya pamsewu wa M1. Makina osemera miyala amayenda pafupifupi theka la liwiro limenelo. Masamu ake ndi osavuta: pule ya pamota ikakhala ya masentimita 5, ya pashafuti ikhale ya masentimita 10, ndipo gudumu lizizungulira maulendo pafupifupi 1,425. Wina asakunamizeni kuti mungachepetse liwiro ndi kaswitchi kochepetsera kuwala kwa babu. Mota ya mtundu umenewu simvera zimenezo, ingotentha n'kupsa. Muuzenso mmisiri wanu kuti gudumu lizizungulira motsikira pansi kumbali imene mwaima, ndipo nati yomangira gudumu ikhale yoti shafuti ikamazungulira izilimba, osati kumasuka. Mukaona pa galayinda yanu mupeza kuti nati ya kumanzere imamangidwa mobwerera, ndipo chifukwa chake n'chomwechi.

Tsopano gudumu lenilenilo. Lotuwa lija limene limabwera ndi galayinda ndi la chitsulo. Pa quartz limangoterera n'kutenthetsa mwala. Funani lobiriwira, la silicon carbide, kapena ngati thumba likulola, la diamondi, limene limakhalitsa ndipo silisweka chisawawa. Musanamange gudumu lililonse la mwala, liyeseni monga amayi athu amayesera mphika wadothi pamsika. Likolowekeni pachala, muligogode pang'ono ndi chigwiriro chamtengo. Labwino limalira kuti ngwee. Likalira mogonthera, lili ndi mng'alu, litayeni, ngakhale munaligula dzulo. Onaninso nambala ya liwiro yolembedwa papepala la pagudumupo, isachepere liwiro la shafuti yanu. Timapepala tozungulira tija ta mbali zonse ziwiri musatichotse, timateteza gudumu kuti zitsulo zolipana zisaliphwanye. Ndipo poyatsa koyamba, imani pambali kwa mphindi yathunthu.

Za madzi sizifuna ndalama zambiri. Pachikani kachigubu ka malita 5 pamwamba, mulumikize kapaipi ka diripi katsopano kogula ku famase, chifukwa kali ndi kagudumu kochepetsera kapena kuonjezera madontho. Madziwo azidontha pamwamba pa gudumu. Dulani chigubu china chachikulu chikhale chisoti cha gudumulo, chotsegula kutsogolo kokha, kuti madzi asamwazike. Pansi pakhale beseni lobooledwa, lokhala ndi paipi yotsikira m'ndowa. Apa pali lamulo limene ndikupempha kuti mulisunge pamtima: gudumu la silicon carbide lisagone m'madzi. Limamwa madzi ngati njerwa. Likanyowa mbali imodzi lili chiimire, mbali imeneyo imalemera, ndipo mukadzayatsa limagwedezeka mpaka kutha kusweka. Choncho yambani mwayatsa makina, kenako tsegulani madzi. Pomaliza yambani mwatseka madzi, makinawo apitirize kuzungulira mphindi ziwiri kuti gudumu lidzikunkhumule, kenako zimitsani.

Ndibwererenso ku magetsi, chifukwa ndikudziwa mmene timachitira m'makomo mwathu. Mawaya awiri osenda, kuwalowetsa m'soketi, kutsekera ndi timitengo ta machesi. Pantchito ya madzi zimenezo ndi kuitana maliro. Ikani pulagi ya mano atatu, waya wa efi alumikizidwe ku mota ndi ku chimango chomwe. Itanani wa zamagetsi wodziwa ntchito yake akuikireni earth leakage breaker ya 30 mA, kachipangizo kamene kamadula magetsi pakangoyamba kudutsa moto m'njira yolakwika. Switchi ikhale pouma, pofikira dzanja. Valani majombo, pondani pa thabwa louma. Ndipo popeza kuno magetsi amathima osatsanzika n'kubweranso osaodira, akangothima zimitsani makina pakhoma ndi kutseka madzi nthawi yomweyo. Mukaiwala, adzabwera usiku inu muli m'tulo, kapena masana mwana ali kuseweretsa lamba.

Pathupi panu, magalasi otchinga maso asachoke. Kachidutswa ka quartz n'kakuthwa ngati galasi losweka, ndipo madokotala a maso ku Kamuzu Central ali kale ndi mzere wautali. Magolovesi musavale; gudumu likakola golovesi limakoka ndi dzanja lomwe. Malaya a manja aatali pindani. Achemwali amene mukufuna kuphunzira ntchitoyi, ndipo ndikukulimbikitsani kutero, mangani chitenje bwinobwino, tsitsi kapena mesh zikhale m'duku. Pamphuno valani masiki ya N95 kapena FFP2 yogwira bwino nkhope, ngakhale mukuperera pamadzi, popeza nkhungu imene imauluka pagudumu imanyamulabe timiyala tija. Masiki yansalu imene tinkasoka nthawi ya Covid-19 fumbi limeneli siiligwira.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale osamala amachiiwala. Matope oyera a m'beseni aja akauma amabwerera kukhala fumbi lomwe lija. Musawakhuthulire pabwalo pamene mawa m'mawa mwana wamkazi adzasesa. Akumbireni dzenje, muwakwirire akadali aiwisi. Pamalo ogwirira ntchito muzikolopa, osasesa. Chovala chantchito muzichivulira komweko n'kuchichapa pachokha, osachikung'untha, osalowa nacho kuchipinda. Ndipo malowo akhale kutali ndi khitchini ndi kumene ana amasewera. Nyumba zathu ku Kaliyeka n'zothithikana, mpanda umodzi mabanja anayi kapena asanu. Fumbi lanu ndi la anansi anu omwe.

Makina akatheka, musathamangire ruby. Akatswiri amayeza kulimba kwa miyala kuyambira 1 mpaka 10. Diamondi ali pa 10, ruby ndi sapphire pa 9, aquamarine pakati pa 7.5 ndi 8, quartz pa 7. Yambani ndi rose quartz kapena agate wotsika mtengo, woti ukaonongeka simulira. Musayembekezerenso kuti chipangizo chimenechi chikupatsani mwala wa mbali zambirimbiri zonyezimira ngati wa pamphete yaukwati. Umenewo uli ndi makina ake oyeza ngodya. Chanu n'chopangira mwala wosalala, wapansi pathyathyathya, pamwamba pokwera ngati theka la dzira, umene amautcha cabochon, komanso timiyala ta ndolo ndi ta m'khosi. Kamwala kakachepa, musakagwire ndi zala pafupi ndi gudumu. Kamatireni kunsonga kwa kamtengo ndi phula lake kapena guluu wolimba, muzigwira kamtengoko.

Ntchitoyi imayenda ndi manambala, ndipo nambala ikamakula mchenga wake ukucheperachepera. Gudumu la 100 limaumba maonekedwe. La 220 limachotsa mabala a loyambalo. Kuchoka apo tengani sandipepa ya madzi, yakuda ija imene okonza magalimoto ku Biwi amasalazira asanapope penti: 400, kenako 600, kenako 1200, yonse ili yonyowa. Mungathe kuimata pa thabwa lozungulira loyala labala, kapena kungosalaza ndi manja. Pomaliza ndi ufa wotchedwa cerium oxide, wopaka pachikopa chonyowa pang'ono, ndipo pamenepo mwala umayamba kuonetsa nkhope yanu. Pakati pa nambala ndi nambala tsukani mwala, kamtengo ndi manja omwe. Kamchenga kamodzi ka 100 kakatsalira n'kufika pa 1200, kamalemba mzere umene umakubwezani kumayambiriro. Mwala wonyowa umanamiza, umaoneka ngati watha. Upukuteni uume, muuyang'ane padzuwa, ndi pamene mabala amaonekera. Ndinganene kuti gawo limeneli ndi limene limasiyanitsa mmisiri ndi wongoyesa, chifukwa silifuna ndalama, limafuna mtima wodikira.

Mukafika poyamba kugula ndi kugulitsa miyala, kafunseni za chiphaso ku ofesi ya boma yoona za migodi, kuti thukuta lanu lisadzathere m'manja mwa apolisi pa rodibuloko.

Mnyamata uja anandimvera, ngakhale poyamba nkhope inagwa, popeza ankaona ngati ndamutalikitsira ulendo. Zinamutengera milungu ingapo kuti asonkhanitse ndalama ya shafuti ndi mabeyaring'i. Wowotcherera wa pafupi ndi msika anamupangira chimango ndi zitsulo zotsala pa mageti. Tsiku lina madzulo anagogoda pakhomo panga, atafumbata kanthu. Kanali kamwala kofiirira motuwa, kokula ngati nyemba, kosalala, kowala. Kumbali imodzi kanali kopendekeka pang'ono, koma kanali koyamba, ndipo nsidze zake zinali zakuda.

Kwa inu amene mwakhala kale mukupera miyala pouma, kaya ndi miyala yamtengo wapatali, kaya ndinu amayi amene mumaphwanya miyala ya kwale m'mbali mwa msewu, ngati mwatsokomola kupitirira milungu iwiri, kapena mukuona kuti mpweya ukuperewera mukayenda pang'ono, pitani ku chipatala cha Kawale kapena ku Bwaila. Kuyezetsa TB ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma. Mukafika musangoti ndikutsokomola; muuzeni dokotala ntchito imene mumagwira, ndi zaka zimene mwaigwira.

Inu amisiri owotcherera, mnyamata akabwera kudzabwereka galayinda kuti akapere mwala, musangomupatsa. Khalani naye pansi, mumujambulire shafuti ndi lamba. Ndipo inu makolo ndi anansi, mukaona fumbi loyera likufuka pamwamba pa mpanda galayinda ikulira, musadutse. Odirani, lowani, mumuuze azimitse, muchotsepo ana.